Kadyedwe mukakhala mu mzinda wachilendo: zophika nokha, zodya kunja, ndi nkhani ya zotsala

Funso ili landipeza kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi basi, wina akafunsanso ndizingomulozera apa. Munthu akupita ku mzinda womwe sanafikeko, kaya ndi zantchito, kaya maphunziro a masabata angapo, kaya kukadikirira wodwala kapena kukangoona malo, ndiye amafunsa kuti kodi ndizikaphika ndekha kapena ndizikangodya m'malesitilanti? Yankho langa silisintha, chitani zonse ziwiri koma mwadongosolo. Cham'mawa ndi chamadzulo konzani nokha, chamasana kadyeni kunja. Masana mumakhala muli kale m'tauni, malo odyera ambiri amatsitsa mitengo nthawi imeneyo, komanso chakudya chimakhala changophikidwa kumene chifukwa anthu ndi ambiri. Madzulo mwatopa, mukufuna chinthu chopepuka chomwe mimba yanu ikuchidziwa. Kudya kunja katatu patsiku kumatha ndalama msanga ndipo pakatha masiku angapo thupi limayamba kudandaula ndi mafuta ndi mchere, pomwe kuphika chilichonse nokha kumakumanitsani chakudya cha mzindawo, chimene ndi mbali ya ulendo weniweniwo.

Tiyeni tiyambire poyambira penipeni.

1. Musanalipire malo ogona, funsani za khitchini

Mawu omwe amalemba otsatsa malo ogona amasokoneza anthu ambiri. Self-catering ndiye kuti chakudya ndi nkhani yanu, iwo angokupatsani pophikira. Kitchenette ndi kakhitchini kakang'ono, nthawi zina kamakhala ndi stovu ya maso awiri koma nthawi zina ndi ketulo ndi mayikulowevu basi, ndiye osangoganiza, funsani. Shared kitchen ndi khitchini yogwiritsa ntchito ndi alendo ena. Bed and breakfast ndi malo ogona ndi chakudya cham'mawa, half board amaonjezerapo chakudya china chimodzi, kawirikawiri chamadzulo.

Mafunso ake ndi atatu okha. Kodi pali stovu, ndipo ndi yagasi kapena yamagetsi? Kodi pali mapoto ndi mbale? Kodi filiji ndi yeniyeni? Lachitatuli ndilo lofunika kwambiri. Timafiliji ta m'zipinda za mahotela tija timapangidwira kuziziritsa zakumwa, tambiri sitizizira mokwanira kusunga nyama kapena chakudya chophika. Ngati angakutumizireni chithunzi cha khitchiniyo, ndi bwino kwambiri.

Ngati malowo salola kuphikira m'chipinda, musachite mobisa. Makamaka mbaula yamakala kapena kastovu kagasi ka msasa m'chipinda chotseka mawindo, ayi ndithu. Mpweya wapoizoni wa carbon monoxide womwe zimatulutsa sununkha, suoneka, munthu amangomva mutu ndi tulo kenaka osadzukanso. Ichi sindikunena mongoopseza.

2. Zonyamula

Zochepa kwambiri. Mchere pang'ono m'kabotolo, zokometsera ziwiri kapena zitatu zomwe mumazikonda, masamba a tiyi kapena khofi, timakontena tiwiri tophwatalala tokhala ndi zivundikiro zothina, botolo lamadzi, ndi mapaketi angapo a ORS, ufa wosungunula m'madzi uja wobwezera madzi m'thupi munthu akatsegula m'mimba. Timakontenato musatisiye, muona ntchito yake pa nambala 6. Kampeni kakuthwa kamathandizanso poti mipeni ya m'nyumba za lendi imakhala yobuntha, koma ngati mukukwera ndege kaikeni m'chikwama chachikulu chopereka, osati cham'manja, akulandani.

Ngati mukudutsa malire a dziko, samalani ndi zakudya. Mayiko a European Union salola wapaulendo wochokera kunja kulowetsa nyama kapena zamkaka, ndipo Australia ndi New Zealand amafuna munene chakudya chilichonse chomwe mwanyamula, mukabisa amalipiritsa chindapusa. Zamagetsinso, ketulo kapena hotipuleti yopangidwira mavolti 220 mpaka 240 sigwira bwino ku United States ndi ku Canada komwe magetsi ake ndi 120, kapena ku Japan komwe ndi 100, ndipo chipangizo cha 120 mukachilumikiza ku 230 chimapsa. Adaputa imangosintha mano a pulagi, simasintha mphamvu ya magetsi.

3. Ola loyamba mukafika

Musanathamangire kushopu, yenderani khitchiniyo kaye. Tsegulani makabati muone zomwe zilipo, nthawi zina alendo akale amasiya mafuta, mchere kapena shuga. Tsukani poto, mbale, mpeni ndi thabwa lodulirapo ndi sopo ngakhale zikuoneka zoyera. Siponji yotsukira yomwe mwaipeza itayeni mugule ina.

Yatsani filiji ngati inali yozimitsa, ikanimo botolo lamadzi, mukamabwerako kogula zinthu madziwo akhale ozizira kwenikweni. Filiji yabwino imakhala pa madigiri 5 kapena kutsika. Ngati madziwo angozizira pang'ono chabe, muziona ngati mulibe filiji ndipo mugule zinthu moganizira zimenezo.

Stovu ina ili ndi galasi pamwamba, mukayatsa imangolira tii tii osatentha, anthu amaganiza kuti ndi yoonongeka. Nthawi zambiri imakhala ya induction, imeneyi imagwira ndi poto yekhayo amene maginito amamatirira kunsi kwake, poto wa aluminiyamu wamba sagwira. Ngati ndi yagasi, dziwani pomwe pali chotsekera chake, ndipo mukamva fungo la gasi tsegulani mawindo musayatse kanthu, ngakhale switchi ya magetsi.

Kenaka funsani mwini nyumba kapena wapakauntala funso limodzi: madzi a pampopi anthu akuno amamwa? Osati ngati ndi oyera, koma ngati iwowo amamwa. Ngati yankho likukayikitsa, wiritsani mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, ndipo ngati mzindawo uli pamwamba kupitirira mamita 2,000, mphindi zitatu. Madzi omwewo ndi otsukira zipatso ndi mano.

4. Kugula: yambani kuwerenga kuchokera tsiku lonyamuka

Apa ndi pomwe ndalama zambiri zimatayikira. Munthu amalowa mu supamaketi ali ndi njala ndi chisangalalo cha malo atsopano, amagula ngati ali kunyumba, kenaka tsiku lonyamuka theka la zinthu likupita m'bini.

Tengani pepala muwerenge kuti madzulo angati mudzadyeradi m'nyumbamo. Chotsani tsiku lofika, chotsani madzulo omaliza, chotsaninso madzulo amodzi kapena awiri omwe mudzaitanidwe kapena mudzangotopa. Pa sabata imodzi mupeza kuti mwatsala ndi madzulo anayi okha, mwina atatu. Gulani za madzulo amenewo.

Miyeso yake ndi iyi. Mpunga wosaphika wa munthu mmodzi ndi magalamu pafupifupi 75, ndiye paketi ya kilogalamu imodzi ndi chakudya cha maulendo oposa khumi, kwa munthu mmodzi wa sabata imodzi ndi wambiri, tengani ya magalamu 500. Supageti kapena makaroni ndi magalamu 80 mpaka 100 pa munthu, paketi ya 500 ikukwanirani kasanu. Mafuta ophikira kabotolo kakang'ono kwambiri komwe kalipo, ngakhale mtengo wake pa lita ukuoneka wokwera, chifukwa botolo lalikulu mudzalisiya lisanafike ndi pakati pomwe.

Zouma gulani kamodzi: mpunga kapena supageti (chimodzi, osati zonse), mazira, anyezi, adyo, mafuta, tomato wam'chitini, nyemba kapena nsomba zam'chitini, oats ngati mumakonda phala. Zosachedwa kuonongeka monga buledi, masamba, zipatso, mkaka ndi nyama muzigula za tsiku limodzi kapena awiri pobwera kokayenda. Chitini onetsetsani kuti ndi chokhala ndi kamphete kotsegulira, poti chotsegulira zitini chimasowa m'makhitchini ambiri.

Madeti a pa paketi ali mitundu iwiri ndipo ndi osiyana. Use by ndi deti lachitetezo, limakhala pa nyama, nsomba ndi zina zosachedwa kuonongeka, likadutsa musadye ngakhale chinthucho chikuoneka bwino. Best before ndi la kakomedwe chabe, mabisiketi kapena mpunga wodutsa deti limeneli sudwalitsa ngati wasungidwa bwino. Madzulo mashopu ambiri amatsitsa mtengo wa zinthu zomwe deti lake ndi lomwelo, kwa inu amene muphika usiku womwewo zimenezo ndi zanu. Onaninso kalembedwe ka deti, ku United States amayamba ndi mwezi kenaka tsiku, ndiye 03/04 kumeneko ndi Malichi 4 osati 3 Epulo.

Funsaninso masiku otsekera. Ku Germany mwachitsanzo masupamaketi ambiri satsegula Lamulungu, kupatula ena a m'masiteshoni a sitima ndi m'mabwalo a ndege. Mukafika Loweruka usiku osadziwa zimenezi, Lamulungu lonse mudya zodula.

Msika wa anthu wamba ndimaukonda kuposa supamaketi pa nkhani ya masamba ndi zipatso, chifukwa mutha kugula tomato awiri ndi anyezi mmodzi osakakamizidwa thumba lonse. Imani kaye pambali muone mmene eni mzinda akugulira, kwina wogula saloledwa kugwira zipatso, amasankha ndi wogulitsa.

5. Zophika za poto mmodzi

Paulendo si nthawi yoyeserera maphikidwe ovuta. Khalani ndi zinthu zitatu zomwe mutha kuphika maso ali ndi tulo.

Choyamba, kazingani anyezi, thirani tomato ndi mchere, zikapsa swerani mazira awiri pamwamba n'kuvundikira mpaka alimbe, idyani ndi buledi. Chachiwiri, supageti wothira anyezi, tomato ndi nsomba zam'chitini. Chachitatu, mpunga wophikira pamodzi ndi karoti, kabichi kapena masamba ena aliwonse ndi nyemba zam'chitini, madzi akhale pafupifupi makapu awiri pa kapu imodzi ya mpunga, moto wochepa, osavundukula pafupipafupi. Mukasinthasintha masamba ndi zokometsera, zitatu zimenezi zikuyendetsani masabata awiri osatopa nazo.

Nyemba zouma paulendo ine ndimati zisiyeni, zimadya nthawi ndi gasi. Ngati mwalimbikira, ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, ndipo zibwate mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, makamaka nyemba zofiira, poti zili ndi poizoni wachilengedwe amene amatha ndi kubwata kokha. Mphodza zofiira ndiye zabwino, siziviikidwa ndipo zimapsa pa mphindi 20. M'mizinda yapamwamba ngati Addis Ababa, Mexico City kapena Bogotá madzi amawira asanafike madigiri 100, ndiye chilichonse chowiritsa chimachedwa kupsa, onjezerani madzi ndi nthawi, stovuyo ilibe vuto.

Nkhuku yaiwisi musaitsuke pa sinki. Ndikudziwa kuti ambiri dzanja limangopita lokha kumpopi, koma madzi othovokawo amamwaza tizilombo pa mbale ndi pathebulo, chomwe chimapha tizilombo ndi moto. Iphikeni mpaka mkati musakhale mofiira ndipo madzi otuluka mukaibaya akhale oyera. Ngati thabwa lodulirapo ndi limodzi, yambani kudula zodya zosaphika, nyama pomalizira, kenaka sopo. Mafuta akayaka m'poto zimitsani stovu muvundikire, osathira madzi.

6. Zotsala, apa ndiye pagona nkhani

Malangizo ambiri amathera pa maphikidwe, amangoti phikani zambiri mudye masiku awiri, osafotokoza zomwe zimachitika pakati pa poto ndi mawa lakelo. Koma anthu ambiri omwe amandiuza kuti chakudya cha mzinda wakutiwakuti chinawatsegula m'mimba, ndikawafunsitsa bwino ndimapeza kuti mwina sichinali cha kulesitilanti, chinali mpunga womwe unagona m'poto pa stovu kapena nyama yomwe anatsala nayo masana n'kuyenda nayo m'chikwama mpaka usiku. Ndiye pano ndichedwapo.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena momveka: chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, chikhale chotentha kupitirira madigiri 60 kapena chozizira pansi pa madigiri 5. Pakati pa manambala awiriwa ndi pomwe tizilombo timaswana mofulumira. Kukatentha kwambiri, kupitirira madigiri 32, maola awiriwo amasanduka ola limodzi. Ndipo nthawiyi imayamba kuwerengedwa pomwe chakudya chachoka pamoto, osati pomwe inu mwamaliza kudya.

Chomwe anthu ambiri sadziwa n'chakuti kutenthetsanso sikukonza zonse. Mumpunga wosaphika mumatha kukhala bakiteriya wotchedwa Bacillus cereus, ali ndi timbewu tolimba tomwe sitifa pophika. Mpunga ukamazizira pang'onopang'ono m'poto timbewuto timadzuka, timaswana, n'kutulutsa poizoni, ndipo poizoniyo saphedwa ndi moto. Mutha kuukazinga mawa lake mpaka kutentha kootcha lilime, tizilombo tifa koma poizoni akhala momwemo, pakangopita maola ochepa kusanza kwayamba. Supageti naye amachita chimodzimodzi. Kununkhiza sikuthandiza, chifukwa tizilombo tomwe timasasitsa chakudya ndi tina, todwalitsa ndi tinanso, ndipo todwalitsati nthawi zambiri sitisintha fungo, maonekedwe kapena kakomedwe. Chakudya chitha kununkhira bwinobwino chili choopsa.

Ndiye chitani chonchi. Mukangoepula, musanakhale pansi kudya, patulani kale gawo la mawa. Musadikire kuti muone zomwe zitsale, poti mukadya mumakhuta, mumagwira foni, tulo n'kukubani poto ali pa stovu. Gawo la mawalo liyaleni m'kakontena kophwatalala kaja, lisakhale lokhuthala kupitirira masentimita 5, lisiyeni losavundikira kuti nthunzi ituluke. Ngati mukufuna lizizire msanga, khazikani kakontenako m'beseni kapena mu sinki momwe muli madzi ozizira n'kumatakasa. Mukamamaliza kudya likhala litasiya kufuka, vundikirani, lowetsani mufiliji. Sikofunika kudikira kuti lizizirire kwenikweni. Cholakwika chachikulu ndi kulowetsa poto yense wodzadza, chifukwa kunja kumazizira koma pakati pamakhala pofunda kwa maola ambiri, ndiponso kafiliji kakang'ono kamatenthedwa, mkaka ndi zina zonse n'kufunda nawo.

Mpunga ulowe mufiliji pasanathe ola limodzi ndipo udyedwe pasanathe tsiku limodzi. Zina monga nyama yophika, nyemba ndi supu, mufiliji yabwino zimatha masiku atatu kapena anayi, koma poti iyi ndi filiji yomwe simukuidziwa, ine ndimati masiku awiri basi. Potenthetsa, tenthetsani zomwe mudye zokhazo, kamodzi kokha, mpaka zitenthe paliponse nthunzi ili tolotolo, za msuzi zibwate. Mu mayikulowevu imitsani pakati mutakase, chifukwa imatenthetsa mwa apo ndi apo, m'mbali mukuotcha pakati pali pozizira. Zomwe mwatenthetsa n'kulephera kumaliza, tayani.

Ndikudziwa kuti kutaya chakudya kumapweteka mtima, kwa ine ndi chimodzimodzi, n'chifukwa chake ndikulimbikira za miyeso ija pa nambala 4. Njira yosatayira chakudya ndi kuphika chochepa, osati kudya chokayikitsa. Tsiku limodzi logona ndi m'mimba mu mzinda wa eni, kutali ndi abale, likudyerani ndalama ndi nthawi yoposa mbale khumi za mpunga.

Mufiliji yogawana ndi alendo ena, lembani dzina ndi deti pa kontena. Nyama yaiwisi ikhale pa shelefu ya pansi penipeni, yokulungidwa bwino, kuti madzi ake asadonthere zakupsa. Mkaka musauike pachitseko, pamenepo ndi pofunda kuposa paliponse makamaka filiji ikamatsegulidwa ndi anthu ambiri. Magetsi akazima musamatsegule, filiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, akapitirira pamenepo nyama ndi zophika zija musazikhulupirirenso.

Zotsala za kulesitilanti lamulo ndi lomwelo. Kupempha kuti akulongedzereni si chamanyazi, ku France kuyambira 2021 malo odyera amakakamizidwa ndi lamulo kupereka chotengera kasitomala akapempha. Koma dzifunseni moona mtima, kodi ndikafika pa filiji maola awiri asanathe kuchokera pomwe mbale inafika pathebulo? Ngati mukupitiriza kuyenda mpaka madzulo, musatenge. Bola kuitanitsa mbale yaing'ono poyamba, kapena kugawana ndi mnzanu.

Nanga ngati filiji palibe? Zimatheka ndithu. Phikani za kamodzi, zithe nthawi yomweyo. Mkaka tengani waufa kapena timapaketi ting'onoting'ono ta UHT, umenewu ndi mkaka wotenthetsedwa kwambiri womwe umakhala pashelefu miyezi usanatsegulidwe, koma ukangotsegulidwa ndi mkaka wamba. Chitini mukatsegula chithe. Nyama ndi nsomba yaiwisi gulani pokhapokha mukupita kukaphika pompo, apo ayi nyama muzidya masana kunja. Anyezi, mbatatesi, karoti, kabichi, malalanje, nthochi, buledi ndi chiponde zimapirira popanda filiji. Mazira tsatirani mmene mwawapezera, ngati mushopu anali mufiliji ndiye kuti afunika filiji, ngati anali pashelefu atha kukhala pamalo pozizira bwino masiku angapo.

7. Kudya kunja

Malo abwino sadziwika ndi chikwangwani. Chokani pamsewu waukulu wa alendo mulowe misewu iwiri itatu mkati, fufuzani komwe anthu ogwira ntchito akudya nthawi ya nkhomaliro. Anthu akachuluka chakudya sichikhalitsa. Menyu yaifupi ndi chizindikiro chabwino, pomwe menyu ya masamba khumi yokhala ndi zakudya za mayiko onse ndiye kuti zambiri zikuchokera mufiriza. Munthu woima pakhomo kukukokerani mkati, ine ndimadutsa. Mukafunsa woyendetsa takisi kapena wolandira alendo, musafunse kuti malo abwino ndi ati, akulozerani kodula, funsani kuti inuyo masana mumadya kuti. Ndemanga za pa Google Maps zimathandiza, koma werengani zaposachedwa komanso zolembedwa m'chinenero cha komweko.

Idyani pa nthawi yomwe eni mzinda amadya. Ku Spain nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko ndipo chamadzulo cha m'ma 9, mukafika 6 koloko mupeza khitchini yotseka. Kufika mochedwa pa buffet, kuja kodzitengera wekha, ndiye kuti mukudya zomwe zakhala pamtunda nthawi yaitali. Funsani chakudya cha tsikulo, kwina amati set menu, ku Spain menú del día, ku France plat du jour, chimakhala chotsika mtengo ndiponso chophikidwa tsiku lomwelo.

Zam'mbali mwa msewu musaziope, nthawi zambiri ndiye zokoma kwambiri, ndipo ubwino wake khitchini mukuiona ndi maso. Tengani chomwe chaphikidwa inu mukuona ndipo chikufuka. Pewani zokazingidwa kale zongounjikidwa, zipatso zosendasenda kale, saladi ndi masosi omwe akhala padzuwa, komanso ayezi ngati madzi a mzindawo ndi okayikitsa. Onani manja, ngati dzanja lomwe likulandira ndalama ndi lomwenso likugwira chakudya chakupsa, pitani kutsogolo. Inunso sambani m'manja ndi sopo, matenda ena timabwera nawo tokha kuchokera m'basi.

Pa bilu pali mawu ofunika kuwadziwa. Service charge ndi ndalama ya operekera zakudya yomwe aiphatikiza kale, mukaiona simufunika kuonjezera tipu. Ku France amalemba service compris, kutanthauza kuti ili kale mumtengo. Coperto ku Italy ndi ndalama yolipirira malo pathebulo, pa munthu aliyense. Ku Portugal buledi ndi tina tomwe amabweretsa musanaitanitse si taulere, mukadya mulipira, ngati simukufuna ingonenani achotse. Ku United States mitengo ya pa menyu ilibe msonkho ndipo tipu ya 15 mpaka 20 peresenti imayembekezeredwa, pomwe ku Japan tipu sapereka n'komwe. Nsomba yolembedwa market price kapena mtengo wa pa magalamu 100, funsani mtengo wa mbale yonse asanaphike. Madzi akakufunsani still kapena sparkling, onsewo ndi am'botolo ogulitsa, oyambawo wamba achiwiriwo a gasi, ngati mukufuna a pampopi nenani. Polipira ndi khadi makina akakufunsani ndalama yoti mulipirire, sankhani ya dziko lomwe mulilo, inayo amasinthira pa mtengo wokudyerani.

Ngati pali chakudya chomwe thupi lanu limadana nacho, monga mtedza, nkhanu kapena mkaka, kapena chomwe simudya pa chipembedzo, lembani pakapepala m'chinenero cha komweko muzionetsa woperekera zakudya. Kungonena pakamwa m'malo aphokoso, mawu amasochera asanafike kukhitchini.

8. Mimba ikavuta

Ngakhale mutasamala chotani zimachitika. Choopsa pa kutsegula m'mimba ndi kutha madzi m'thupi, ndiye yambani ORS msanga, paketi imodzi m'madzi a muyeso womwe walembedwa papaketipo. Ngati mulibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimwa pang'onopang'ono. Musaonjezere mchere. Idyani zopepuka mukayamba kumva njala. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi latentha, mukusanza chilichonse chomwe mwamwa, mkodzo wasiya kubwera, kapena padutsa masiku awiri atatu osasintha, pitani kuchipatala, ndipo mankhwala oimitsa m'mimba ngati loperamide musamwe pakakhala magazi kapena kutentha thupi. Mwana wamng'ono, mayi woyembekezera ndi okalamba asadikire n'komwe.

9. Masiku awiri omaliza

Siyani kugula. Tsegulani filiji muone zomwe zatsala, mazira, theka la anyezi, masamba ofota, zonsezo zilowe m'poto mmodzi. Madzulo omaliza kadyeni kunja kumalo komwe munakukonda kwambiri, kuti m'mawa musadzuke ndi mapoto otsuka. Zosatsegula monga mafuta ndi mpunga perekani kwa wogwira ntchito pamalopo kapena ikani pa shelefu ya zaulere yomwe makhitchini ogawana ambiri amakhala nayo, zotsegula ndi zophika tayani, musasiyire wina kuti adzazipeze zitavunda. Funsani za zinyalala, m'mizinda ina amasiyanitsa mabotolo, mapepala ndi zotsala zachakudya ndipo mwini nyumba atha kukudulani ndalama mukasakaniza. Kamba wa panjira akhale wouma, buledi, mtedza, zipatso zosasenda, ndipo ngati mukuwoloka malire mumalize musanafike pachipata.